Mbendera pa Chingwe

Mayi Anjimile anaiona atatuluka kukaanula zovala: mbendera yofiira ya mwana wawo Luntha, ili pa chingwe. Anaichapa okha dzulo, ataipeza yamafuta m'galaja.

Luntha anali atanyamuka m'mawa kwawoko ku Barking, njinga yamoto ya matayala anayi ili pa ngolo, ulendo wa kumapiri a mchenga. Mabuleki anakonza, tcheni anatsuka, koma thumba la mbendera anangolinyamula osasuzumiramo.

"Amayi, pokwera phiri la mchenga suona amene akubwera kuseri," anawauza tsiku lina. "Timaonana ndi kansalu aka, tikakakweza pa ndodo."

Mayi Anjimile anamuimbira foni Luntha. Inaitana, inaitana, kenako inaduka.

Anaimbanso. Mbendera ija inkangogwedezeka pakati pa mayunifolomu awo a kuchipatala, ikununkhira sopo.