Mpikisano Wouzira Khala Lomaliza

Padangotero, mvula itazimitsa moto m'mudzi wa nyama, padatsala khala limodzi lokha. Likadazima, ana akadagona ndi njala.

"Patukani, inu a zifuwa zazing'ono!" adatero Mvuu. Adakoka mpweya n'kuuzira, fuuu! Phulusa lonse lidathera kumaso kwake ndi m'maso mwa anzake.

Galu adalumphirapo. "Ine ndimapuma kakhumi inu musanapume kamodzi!" Wefuwefu, lilime panja, dovu n'kumadonthera pakhala paja.

"Mayo, atiphera moto!" nyama zidakuwa.

Fulu adasendeza tiudzu touma, n'kuuzira pang'onopang'ono ngati akunong'oneza khanda. Utsi tolotolo, kenako moto lawilawi! Nthungululu ponseponse.

"Ndidayamba kuudzutsa ndine," adatero Mvuu akutsokomola.

"Zoonadi, achimwene," adayankha Fulu. "Tapukutani phulusa kumasoko, mubwere mudzawothe."