Tsaya la Dona wa ku Petersburg

Kansalu kadabwerako kali kofiirira. Ellen adakayang'ana, adayang'ananso chithunzi chomwe amapukutacho. Pa tsaya la dona wa pachithunzipo penti idali itachoka, padatsala chipsera chotalika ngati chala.

Ellen ankasamalira Mayi Zoya, nkhalamba ya zaka 88, m'nyumba yawo ku Croydon, ku England. Ntchito yake idali kuwapatsa mankhwala, kuwasambitsa ndi kuphika. Zopukuta zithunzi palibe adamutuma. Koma mwana wa ku Zomba angaone fumbi n'kulidutsa? Kwawo chithunzi cha bambo ake amachipukuta ndi madzi a sopo Loweruka lililonse. Adangoiwala kuti chakwawocho chili ndi galasi.

Ichi chidali chojambula pamanja, cha ku Petersburg, cha 1912: dona wa kubanja lachifumu, diresi yasilika, mikanda yoyera mizere itatu, chibwano m'mwamba ngati dziko n'lake. Mayi Zoya ankakonda kunena kuti agogo awo adachinyamula okha kuchokera ku Russia, ndipo Ellen ankangoti donayo ndiye agogowo. Ankachiloza ndi chala chawo chofiirira, chomwe Ellen ankati chathimbirira ndi jamu amene ankathira mu tiyi.

Ndiye iye wakanda nkhope ya agogo a munthu. Munthu wakenso uti? Yemwe ankakana kuti Ellen adyere kukhitchini, yemwe ankamudikira patebulo mpaka supu kuzizira.

Masiku atatu Ellen adatseka makatani a pabalaza, akunamizira kuti dzuwa liwapweteka maso Mayi Zoya. Bodzalo lidamuwawa kuposa chipseracho. Akaulula, a kampani yomwe idamulemba ntchito amuchotsa, ndipo viza yake yatsamira pa ntchito yomweyi. Akapanda kuulula, supu ija aziimeza bwanji?

Tsiku lachinayi m'mawa adatsegula makatani, n'kugwada pafupi ndi mpando wawo.

"Mayi, ndalakwa. Ndaononga nkhope ya agogo anu."

Mayi Zoya adachiyang'ana chipseracho. Kenako adamuuza kuti atsegule dirowa ya pansi pa chithunzicho. Mudali kachitini ka penti yofiirira ndi kaburashi kothaitha.

"Chaka chilichonse ndimapakapo," adatero. "Uyo si agogo anga. Agogo anga ndi amene ankapukuta fumbi pachithunzichi. Tsiku lina adachikanda ndi mtengo wa tsache, donayo adawathamangitsa, n'kuwaponyera chithunzicho panja. Dzuka, mwanawe. M'nyumba muno wantchito sagwada."