Waba, Osati Laba

Mkulu wodula makiyi anakhala pa benchi, chingwe cha galu atachikulunga padzanja. Galuyo anali wofiirira, wa khutu limodzi logwa, ndipo ankangoyasamula.

Patsogolo pawo panali tebulo lalitali. Mbali ina kunakhala bwana wa Ofesi Yomvetsera Mafoni, munthu wosaseka, amene anthu ankati ngakhale mkazi wake amayamba waganiza asanamupatse moni. Mbali inayo kunakhala mayi wochokera ku kampani ya mafoni ndi kompyuta yake. Kampani ndiyo inkatchera khutu. Ofesi inkangokolola.

Mlandu unali wonyoza boma pa foni. Chilango chake aliyense ankachidziwa: kundende, ndi nambala kutsekedwa mpaka kalekale. Ndende mkuluyo sankaiopa kwenikweni. Koma mwana wake wamkazi, wokwatiwa kutali, anali wodwala pakati wa lero kapena mawa, ndipo nambala yokhayo imene ankaidziwa pamtima inali ya bambo ake.

Mayi uja anadina batani. Mawu a mkuluyo anadzaza chipinda.

"Alamu, Boma wabanso kuno. Watha nkhuku zonse. Amangodya, kugona, kuuwa. Womudyetsa ndife, koma akatiwona amatulutsa mano. Ameneyu ngofunika unyolo."

"Mawuwa ndi anu, madala?" anafunsa bwana.

"Anga."

"Mumanena ndani?"

Mkuluyo analoza pansi ndi mlomo.

Bwana anamenya tebulo mpaka kapu ya zolembera inadumpha. "Mwabwera ndi galu muno kuti mutiseweretse? Dzina lake ndani?"

"Boma."

"Anamutcha ndani dzina lachipongweli?"

"Malemu akazi anga."

"Chifukwa chiyani?"

"Sananene. Mutha kuwaimbira."

Mayi wa kampani anafufuzadi pa kompyuta. Anati nambalayo inasiya kugwira ntchito, ndipo anapepesa m'malo mwa kampani.

Kenako anapereka nzeru: galu aitanidwe ndi dzina lake, choonadi chioneke. Mkuluyo anatsokomola, nkuitana kuti, "Boma!" Galu sanatembenuke. Anaitananso mokweza. Galu anayamba kudzikanda kuseri kwa khutu.

"Mwaona!" anatero mayiyo mokondwa. "Sakulidziwa dzinalo."

"Akulidziwa," anatero mkuluyo. "Koma Boma samva."

Kompyuta inalira kuti tswii, nyali yofiira nkuyaka. Mayiyo anati makina agwira chipongwe china, chatsopano, chotentha kumene. Mkuluyo anayang'ana foni yake, imene inali pa tebulo m'kathumba kapulasitiki. Inali ikuphethira. Wina ankaimba, ndipo iye sankaloledwa kuigwira.

Bwana ananyamuka. Anazungulira tebulo pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Galu anafuna kumununkhiza nsapato, iye nkumukankha ndi phazi. Anaima pamaso pa mkuluyo, nkumuyang'ana ngati nsabwe yopezeka m'kolala.

"Anthu ngati inu ndimadana nawo," anatero. "Bwerezani mawu aja, mayi."

Mawu anabwerezedwa. Bwana anamvetsera maso ali chitsinzire, kenako anapumira m'mwamba ngati munthu amene nyama yamupulumuka m'manja.

"Wati waba. Wati samva. Ameneyo ndi galu. Akanakhala kuti akunena ife, akanati boma laba, boma silimva."

Tswii! Tswii! Nyali yofiira inayaka kawiri.

"Ndimapereka chitsanzo!" anakalipa bwana.

Mayiyo anafotokoza mwaulemu kuti makina sadziwa chitsanzo. Mawu akalowa alowa, ndipo wotha kuwafufuta ndi mkulu wa kampani yekha, amene anali ku msonkhano wokambirana za ufulu wa makasitomala. Njira inalipo imodzi basi: kulemba kuti nkhani yonse ya m'chipindamo inali ya ziweto. Zikatero mawu onse, a madala ndi a bwana omwe, apita ku nthambi yotsatsa malonda.

"Lembani zimenezo," anatero bwana mokukuta mano.

Mayiyo analemba. Anawonjezera kuti iye sakudabwa, chifukwa makina awo akusonyeza kuti masiku ano dzinali latchuka kwambiri pakati pa agalu, ndipo kampani ikuganiza zoyamba kugulitsa makolala a agalu olembedwa kale dzinalo.

Bwana anaponyera mkuluyo kathumba kaja. "Tulukani. Ndikadzakuonaninso muno, mudzagona ndi galu wanuyo m'chitolokosi."

Mkuluyo sanathokoze. Anatulutsa foni. Munali mauthenga awiri. Woyamba unali wa kampani, womuuza za mankhwala amphamvu ophera utitiri. Wachiwiri unali wa mkamwini wake: kwabadwa mwana wamwamuna, onse ali bwino. Anauwerenga kawiri, nkuika foni m'thumba la malaya, nkukoka chingwe.

Pakhonde panali mzere wa oyembekezera milandu yawo: mphunzitsi, woyendetsa minibasi, amayi awiri ogulitsa zovala. Onse maso anali pansi. Mkuluyo anadutsa osayang'ana aliyense, nkukhotera kuseri kwa nyumbayo, kumene kulibe kamera. Mphunzitsi uja anamutsatira ngati wofuna chimbudzi. Mkuluyo anavula chingwe padzanja nkumupatsa kuti nayenso akalowe ndi galuyo.

"Musamukoke kwambiri khosi, aphunzitsi," anatero. "Ndipo womaliza amumangirire kuseri kwa galimoto ya bwana, mwini wake. Akuti dzulo ana awo analira chifukwa galu wawoyu anafika kunyumba mochedwa."