Foni Yopanda Mwambo

Mayi Jenifer Kaliati anali pakati popeta mpunga pamene a Anifa, oyandikana nawo nyumba, analowa pabwalo atanyamula foni ngati dzira.

"Apampando, mwamva? Tsamba lathu la pa intaneti lija layamba kuyankhula Chichewa."

Mayi Kaliati anaika lichero pansi. Iwo ndiwo anali wapampando wa gulu la alimi a mpunga a m'dambo la kufupi ndi Chilwa, ndipo tsambalo linawadwalitsa mutu chaka chonse. Mlimi aliyense ankayenera kulembetsa pa intaneti dzina, nambala ya foni ndi kukula kwa munda wake kuti alandire mbewu. Koma munthu akangophonya pang'ono, pankatuluka mawu ofiira a Chingerezi. Ambiri ankazimitsa foni poganiza kuti akanidwa, moti chaka chatha mabanja khumi ndi awiri anadzala mochedwa. N'chifukwa chake gulu linalemba ganyu a Eneya Makina, katswiri wa makompyuta wa ku Migowi, kuti akonze zinthu lisanafike Lachisanu lotseka kalembera.

Pakhonde panali amuna awo, a Stafford, ali chete monga mwa masiku onse, kope lili pabondo. Mwezi wonse ankalemba m'kopemo, ndipo mayi ankathokoza Mulungu chamumtima kuti bambowo ayamba kukonzekera ulaliki. Ataona nkhuku zikuyandikira lichero, a Stafford ananyamuka mwakachetechete, nazipirikitsa, nabwerera pampando wawo.

Mayi Kaliati analandira foni ija n'kuyamba kulemba. Anadumpha malo a kukula kwa munda. Foni inayankha: "Mwasiya malo opanda kanthu. Mukuthamangira kuti, kwapsa?"

Anakweza nsidze. Analemba nambala yawo, chala chinaterereka, imodzi inatsala. Foni sinachedwe: "Nambala yaperewera. Werenganinso, zala muli nazo khumi."

"Ameneyu analeredwa ndi ndani?" anafunsa motsitsa mawu. "Mayi ake anagona pa ntchito."

A Anifa anayang'ana mtengo wa mango. A Stafford anatseka kope.

Mayi anaimbira a Eneya, ndipo pasanathe theka la ola anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu. A Stafford anawapatsa mpando ndi kapu ya madzi asanapemphe.

"Achimwene," anayamba mayi, "gulu lino lili ndi agogo, lili ndi akulu a mpingo, lili ndi a ku mzikiti. Tinakutumani kuti foni izititukwana m'chinenero chathu?"

A Eneya anafotokoza mwaulemu. Tsambalo sanalimange kuchokera pansi. Anamanga pa maziko okonzedwa kale ndi anthu a kunja, ndipo mazikowo amabwera ndi mawu awoawo ouza munthu kuti walakwitsa. Koma eni ake anasiya khomo lotsegula: womanga aliyense akhoza kuika mawu a kwawo m'malo mwa akalewo. Pamene sunaike ako, akale aja amatuluka okha.

"Ndiye munaika a kwanu," anatero mayi. "Achoke lero. Mawa ndiitanitsa komiti, ganyu yanu yathera pomwepa."

"Akachoka, amayi, chibwerera Chingerezi chija. Chiyambire dzulo alembetsa anthu makumi anayi. Akuseka, inde, koma akumaliza. Palibe wazimitsa foni."

Mayi Kaliati anakumbukira minda khumi ndi iwiri ija, mmene mpunga wake unkaonekera wobiriwira anzawo akukolola. Koma ulemu nawo ndi mbewu, ukapanda kuudzala sumera. Anawayang'ana a Eneya: nsapato zopukuta, malaya opisira. Anthu ophunzira m'tauni ndi momwemo, amaiwala kuti wamkulu amayankhulidwa bwanji.

"Mawu amenewa munawatola kuti? Kumabala a ku Blantyre?"

A Eneya anangoyang'ana kukhonde.

"Yankhulani, pakamwa muli napo."

A Anifa anatsokomolera m'chitenje mpaka misozi.

Pofuna umboni wina wokaonetsa komiti, mayi anatenganso foni ija. Ulendo uno analemba zonse mosamala, akuyembekeza chipongwe chomaliza. Foni inati: "Eya, mwakhoza. Mulungu akusungeni."

Anawerenga kawiri. Mtima unatsika pang'ono, iwo asakufuna.

"Awa okha ndi a munthu wopemphera," anavomereza. "Awa muwasiye. Koma wolemba enawo ndikufuna ndimuone ndi maso angawa. Munthu wotero ndi wofunika kumupempherera."

"Ine Chichewa changa ndi cha m'buku, amayi," anatero a Eneya. "Ndinapempha munthu kuti andilembere mawu amene alimi akuno akamva amachitadi."

A Stafford anatsika pakhonde, napukuta kope lija ndi mkono wa malaya, naliika pamiyendo pa akazi awo. Munalibe vesi ngakhale limodzi. Pamwamba analemba kuti "Zonena mayi a kunyumba kuno", ndipo pansi pake, mzere ndi mzere: "Kwapsa? Anauza ine, Lolemba. Zala muli nazo khumi, anauza wogula nyemba. Mulungu akusungeni, amauza aliyense."

Mayi Kaliati anatseka kope, nayang'ana kumwamba. "A Eneya, mawuwo asiyeni onse, ndipo ndikhululukireni. Nanunso amayi anga kumene mwagonako, ndikhululukireni. Inu munandilera bwino, pakamwapa ndi panga."