Mtengo wa Mango wa Thokozile

"Ukutchinga ndi mtengo wa mangowu," anatero Cedric, mlangizi wa bungwe lochenjeza anthu za kusefukira kwa madzi. "Uthenga wochokera kumtsinje ukulephera kudutsa."

Thokozile anayang'ana kabokosi kamene bungwelo linapachika pakhonde pake ku Kasinje. Kanayenera kumaonetsa mmene madzi akukwerera, malinga ndi kachipangizo kamene anamangirira pamlatho, koma pagalasi pake sipankatuluka kanthu.

"Achimwene, mtengo umenewu anabzala ndi malemu amuna anga."

"Ndiye madzi akadzakokolola mpunga wa anthu onsewa, mudzawauza zomwezo?"

Alimi anzake amene anali pabwalopo anangozolika, palibe anamuikira kumbuyo. Thokozile analowa m'nyumba, anatuluka ndi nkhwangwa, n'kuipereka kwa mlamu wake, mmodzi wa alimiwo, osamuyang'ana kumaso.

Mtengo unagwa dzuwa lili paliwombo, mango osapsa n'kumwazika bwalo lonse. Anthu anathamangira pakhonde kukasuzumira kabokosi kaja. Panalibe chimene chinasintha.

Cedric anakanda m'mutu. Kenaka anapempha nsungwi yaitali, anamangirira eriyo yokokera uthenga ya kabokosiko kunsonga kwake, n'kuiimika pambali pa denga. Nthawi yomweyo manambala anatulukira, anthu n'kuomba m'manja.

"Kani chimafunika n'kungokweza eriyo basi!" anatero Cedric akuseka.

Thokozile sanaombe nawo. Anaima pafupi ndi chitsa chimene chinali chikuchuchabe utomoni, manja ali m'khosi.

Atakwera kale njinga yake yamoto, Cedric anacheuka.

"Mayi, mangowa angowolatu apa. Ndingatoleko a ana kunyumba?"