Amene Anaulula za Firiji

Judith anafika pa kantemba ka a Kapembwa, kasitolo kamalata ka m'mbali mwa msewu, anthu atasonkhana kale. M'manja anali ndi chigubu cha palafini.

Dzulo lake anthu a msonkho analowa m'nyumba mwake ku Kanyama. Sanafunse njira. Analunjika kuchipinda chogona, n'kukankha nsalu yotchinga, n'kunyamula firiji imene ankasungiramo nkhuku zogulitsa mobisa. Sabata yomweyo analandanso makina osokera a Sophie ndi makatoni a mowa a Mwewa, zonse zobisidwa mkatikati mwa nyumba. Zinali zoonekeratu kuti wina wa mumsewu momwemo ankaulula.

Dzina silinavute kupeza. A Kapembwa, mkulu woyendera ndodo, ankagulitsa nyuzipepala ndi mabuku akale a sukulu, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka. Aliyense wobwera kudzagula ankamuuza kuti lamulo latsopano la msonkho ndi labwino, kuti andale amabwera n'kupita koma malonjezo sakumba ngalande. "Mvula ikagwa mumagona pa tebulo," ankatero, "koma kulipira simufuna." Kuwonjezera apo, ndi iwo amene analumikiza magetsi a firiji ya Judith tsiku limene inafika.

"Ba Kapembwa, banakulonjezani chani?" Judith anafunsa.

"Mwana wanga, ine nimakamba chabe. Kukamba si kugulitsa munthu."

"Nanga chipinda changa banachidziwa bwanji?"

Mkuluyo anayang'ana nkhope imodzi imodzi, anthu amene ankawawerengera nkhani m'mawa uliwonse osawalipiritsa. Onse anayang'ana kumbali. Anaweramitsa mutu, ndipo khamulo linati basi, wavomera.

Mwewa anaponda ndodo ija ndipo a Kapembwa anagwera m'matope. Wina anaseka. Judith anatsanulira palafini pa nyuzipepala, pa mabuku a masamu, pa madikishonale othothoka zikuto. Ankaganiza za nkhuku zake zimene zinali kununkha m'beseni kunyumba. Sophie ndiye anayatsa machesi.

Moto unagwira msanga. A Kapembwa anakwawa n'kupisa dzanja m'malawi kuti apulumutse buku ngakhale limodzi. Analitulutsa likuyaka, khungu la zala litatuwa. Mwewa anawalanda n'kuliponyanso momwemo.

"Lipirani msonkho wa phulusa manje," anatero Mwewa.

Malata a kantembako atagwa, anthu anayamba kubalalika, ena akukambirana kale za mtengo wa makala. Mkuluyo anatsala chikhalire m'mphepete mwa ngalande, atapanira dzanja lopsalo m'khwapa. Sanalire. Palibe amene anawapatsa madzi. Judith anamva mtima wake ukupepuka koyamba chichokere firiji ija.

Pamenepo mwana wake Taonga, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anatulukira akudumphadumpha. Ankachokera kukalasi yaulere yowerenga ya Loweruka, imene mayi wina wovala bwino wochokera m'tauni anatsegula mwezi wathawo m'holo ya pafupi ndi msika. Makolo onse a mumsewumo ankatumizako ana awo mosangalala, poti kusukulu ana ankalimbirana buku limodzi. Taonga anali atakumbatira buku latsopano la zithunzi, chikuto chake chonyezimira.

Judith anapukuta manja ku chitenje n'kulilandira mosamala. Analitembenuza, n'kumuonetsa Sophie.

"Mwaona? Uyu azankala loya. Aba ndiye banthu bofunira bana bathu vabwino, osati monga uyo." Analoza a Kapembwa ndi mlomo, kenako n'kuwerama kwa mwanayo. "Bakupatsa chifukwa unawerenga bwino, eti?"

"Iyayi," Taonga anayankha monyadira. "Ni mphoto ya sabata yatha. Ba madamu bamatiuza aliyense akambe vamene ba mami bamagulitsa kunyumba, na pamene bamavibisa. Ine ninakamba bwino kupambana bonse."

Kenako mwanayo anaona utsi, n'kuona mkulu wa m'mphepete mwa ngalande uja.

"Mami, ba Kapembwa balakwa chani?"