Thupi Likadali Mumgodi

"Lole ikangodutsa pamsewu, amathawira pansi pa tebulo," Ida anadandaulira mlangizi wa pachipatala. "Mapemphero tayesa, kwa asing'anga tapita. Ine ndatopa."

Amuna ake, a Gibson, anali atakhala pambali pake. Mgodi unawagumukira ku Joni kalekale, anzawo awiri n'kufera pomwepo.

"Si misala, mayi," anatero mlangiziyo. "Mutu ukudziwa kuti zinatha, koma mitsempha ya m'thupi sinamvebe. Pansi pakangonjenjemera, imayesa kuti miyala ikugwanso. Tiiphunzitsa pang'onopang'ono, kuyambira ndi kapumidwe."

Mphepo inamenyetsa chitseko. A Gibson anangocheuka. Koma Ida anali atadumpha kale, atawagwira mkono amuna akewo, thupi lake lonse likunjenjemera, mpweya ukumuthera.

Mlangizi uja anamuyang'ana kwakanthawi, kenako anasendeza mpando wake pafupi.

"Khalani pansi, mayi. Tiyambe ndi inu."